Dzanja la Yunisi Lomwe Aphunzitsi Sankaliona

Uthenga utalowa pa foni ya mwana wawo Yunisi, a Obadiya anapukuta magalasi n'kuwerenganso. Koleji imene mtsikanayo ankaphunzirako zaulimi kudzera pa intaneti inkachenjeza kuti imuchotsa. Akuti salankhula m'kalasi, mwina sapezekamo n'komwe.

"Sapezekamo? Nanga ine ndimalondera yani?" anakuwa.

Bambowa anapuma pa uphunzitsi ku Nsaru kalekale, koma mwambo wa sukulu sanaupumitse. Nthawi ya phunziro ikakwana ankavala jekete, kupirikitsa nkhuku pakhonde, n'kukhala pambali pa mwanayo. Lamulo linali lomwe lija: mwana waulemu salankhula asanalozedwe.

Mayi Lidiya, alangizi a zaumoyo oyandikana nawo, amene anaphunziraponso pa intaneti, anamva phokosolo n'kubwera.

"Kodi Yunisi, ukafuna kuyankha umatani?"

"Ndimakweza dzanja, mayi."

"Kamera utayatsa?"

"Ayi. Ababa anati imadya bandulo."

Mayi Lidiya anagwira pakamwa. "Ndiye kuti temu yonseyi dzanjalo amaliona ndi abambo ako okha?"

"Ndi nkhuku, zikabwerera," anatero Yunisi chapansipansi.

A Obadiya anakumbukira mmene ankanyadirira dzanja lija, lowongoka ngati mzati, uku akudandaula kuti aphunzitsi a masiku ano ndi atsankho.

Mayi Lidiya anamuonetsa Yunisi kachizindikiro ka dzanja ka pafonipo, potsegulira mawu, ndi polembapo funso. Kenako anatembenukira kwa a Obadiya.

"Bambo, kusukulu zimenezi wokhala chete amayesedwa kuti kulibe. Mwana azifunsa, ngakhale kutsutsa, bola mwaulemu."

"Kutsutsa aphunzitsi?"

"Eya. Amapatsidwa nako malikisi."

A Obadiya anakhala pansi, ngakhale mpando unali uko.

Pa phunziro lotsatira, Yunisi anadina kadzanja kaja. Anafunsa za mbozi zimene zinkawononga chimanga kwawo.

"Yunisi! Ulipo eti?" anadabwa aphunzitsiwo. "Ife timayesa foni yako ndiyo inalembetsa sukulu."

Koleji sinamuchotse. Masiku ano a Obadiya amalangiza makolo anzawo kutchalitchi, ngati kuti nzeruzo anabadwa nazo.

Makolo, ulemu umene tinaphunzitsa ana athu ndi wabwino, koma sukulu ya pa intaneti ili ndi kachitidwe kake. Tifunse amene anadutsamo, ndipo tilimbikitse ana kulankhula. Mphunzitsi sangaloze dzanja limene sakuliona.