Nyimbo ya m'Chigafa

Ezelina anapeka nyimboyo akusoka fodya m'chigafa, ndipo sanaganize kuti ingatuluke pa esiteti. Iye ankatsogolera, kutchula phoso losakwana, nyumba zodontha ndi ana osiya sukulu. Amayi anzake ankavomera kuti, "Thukuta ndi lathu, kunona ndi kwawo!" Koma wina anaijambula pa foni, ndipo posakhalitsa inayamba kumveka mpaka pa njinga za kabaza ku Kasungu Boma.

Mmawa wina mwamuna wake, Sunganani, anabwera kuchokera kumunda ali wefuwefu.

"Amake Nthanda, abwana aimva. Akubwera ndi kapitao."

"Kodi ndinatchula dzina la munthu?"

"Dzina la chiyani? Mawu anuwo sawadziwa ndani? Akatithamangitsa fodya asanathe, tilowera kuti? Kwathu ku Phalombe tilibe ngakhale mzere umodzi wa munda."

Ezelina anapitiriza kusoka.

Bambo Kalekeni, eni esitetiyo, sanakalipe. Anaima pakhomo la chigafa akumwetulira, foni ili m'manja.

"Mayi, muli ndi mawu abwino. A kwaya ya kwathu atakumvani angachite nsanje. Tsono imbaninso nyimbo yomweyo, koma munene zoona: kuti pano mumadya, mumagona pabwino. Ndijambula ndekha. Mukakana, mawa mumange katundu."

Ezelina anayang'ana mwamuna wake. Sunganani anali atazolika. Ezelina anayamba kuimba.

"Pa esiteti pano tikudya bwino..."

Inali nthawi ya ovomera tsopano. Nyimbo ya m'chigafa sitha kuyenda popanda ovomera, ndipo amayi onse ankadziwa zimenezi. Mayi Consolata, amene anali kumapeto kwa mzere, sanadzutse mutu. Anangotsegula pakamwa monga amachitira tsiku lililonse.

"Thukuta ndi lathu, kunona ndi kwawo!"

Ena anagwirizana nawo, poyamba motsitsa, kenako mokweza.

"Abwana athu ndi achifundo..." anapitiriza Ezelina, misozi ili m'maso.

"Thukuta ndi lathu, kunona ndi kwawo!"

"Basi!" anakuwa kapitao. "Mayi Consolata, mwapenga kodi?"

"Pepani achimwene, zatsopanozo auza otsogolera okha. Ife ovomera sanatiuze."

Wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje.

Bambo Kalekeni anatsitsa foni. Anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi, kenako anayang'ana kumunda, kumene masamba anali atapsa kale, akudikira wothyola. Sakanatha kuthamangitsa chigafa chonse pakati pa ntchito.

"Pitirizani kusoka," anatero, nalunjika ku galimoto.

Kapitao anatsalira. Anawerama pafupi ndi Sunganani.

"Mumaliza nawo fodya wa chaka chino. Koma chaka chamawa mukafune kwina."

Sunganani anakhala pansi pa mulu wa mikangala yopachikapo fodya, nagwira mutu.

"Amake Nthanda, mwamva?"

"Ndamva," anayankha Ezelina. Anatola tsamba lina, koma kawiri konse singano inaphonya.