Pansi Powala pa a Oddvar

Ragnhild anali akuvula mwana wina jekete la chisanu pakhomo pamene anamva kuti phu! m'kalasi, kenako kulira. Anathamangira mkati n'kupeza Tuva ali pansi pafupi ndi shelefu ya mabuku, magazi akutsika pachipumi mpaka pakamwa.

Tuva anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anabadwa wosaona. Monga ana onse pasukulupo, ankasiya nsapato pakhomo n'kulowa ndi masokosi, ndiye mapazi akewo ndiwo anali maso ake. Ragnhild, mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, anali atamata timizere ta kapeti wokhakhala pansi: kena kopita pampando wa Tuva, kena kusinki, kena kukhomo. Panatenga miyezi inayi yathunthu kuti mwanayo ayambe kuyenda yekha osagwiridwa dzanja. Tsono Lolemba limenelo, atangotsegulira sukulu, timizere tonse panalibe. Pansi pankangoti waliwali.

Tuva atapita naye kuchipatala kukamusoka, Ragnhild analunjika kumapeto kwa khonde, kukachipinda ka a Oddvar, osamalira nyumba za sukulu. Anawapeza akumwa khofi ndi buledi wa tchizi, zijombo zili kuphazi. Pasukulu ponse, iwo okha ndiwo sankavula nsapato.

"A Oddvar, timizere tanga tili kuti?"

"Zinyalala zija? Zili m'bini. Zimakola makina anga opukutira. Zaka makumi awiri ndikupaka polishi pano, palibe anadandaulapo."

"Mwana wang'ambika chipumi!"

"Pepani kwambiri. Komatu mwana wotero mumayenera kumugwira dzanja. Si ntchito yanu imeneyo?"

Ragnhild anawayang'ana mpaka iwo anayang'ana m'kapu, ndipo mumtima anati: bambo inu, choipa chitsata mwini, mudzandidziwa.

Tuva anabwerera Lachitatu, koma kuyenda anakana. Anangokakamira juzi la mphunzitsi wake, ngakhale popita kusinki pafupi pomwepo. "Njira yanga inathawa," anatero. Ahedi atauzidwa anati nkhaniyo adzaikambirana pamsonkhano wa mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Ntchito ya miyezi inayi ikugwa m'madzi, iwo akuyang'ana pakalendala.

Loweruka m'mawa Ragnhild anabwera ndi kapeti watsopano ndi guluu wa mwamuna wake womatira boti, uja woti ngakhale madzi a mchere samukanganula. Anabwezeretsa timizere ta m'kalasi. Atatha anatuluka pakhonde, pamene a Oddvar ankanyadira koposa, pamene ankaonetsa alendo ochokera kukhonsolo. Anamata mzere wautali pakatikati penipeni, kuchokera pakhomo la kalasi mpaka pakhomo la kachipinda kawo. Guluu sanamuumire ayi. Kunena zoona, zinkamukoma.

Lolemba a Oddvar anabwera akutuluka thovu kukamwa.

"Mwandiwonongera pansi! Zimenezi sizichoka ngakhale ndi tchizulo!"

"Ndiye cholinga chake. Makina anuwo muziwagwira dzanja podutsa pamenepo. Si ntchito yanu imeneyo?"

Anabwerera kukachipinda kawo n'kumenyetsa chitseko. Koma Ragnhild anali asanathane nawo. Polishi n'chiyani? Iye ankafuna bamboyo aone ndi maso ake.

Anagwada pamaso pa Tuva, n'kumukankhira tsitsi kumbuyo, n'kulipana ndi kapini kuti chipumi chikhale poyera. Ulusi wakuda wa kuchipatala unali udakalipo, khungu litatupa mozungulira.

"Tuva, njira yako yabwera, ndipo yabwera ndi inzake yatsopano. Ponda umve."

"Ithawanso?"

"Iyi siithawa. Ndaimata ineyo. Kumene ikuthera kuli chitseko, ukagogode."

Mwanayo anatulutsa phazi limodzi, n'kupapasa ndi chala. Anaima nthawi yaitali. Kenako anasiya juzi lija. Anayenda pang'onopang'ono, manja ali patsogolo, khonde lonse mpaka kumapeto, Ragnhild akumutsatira patali. Go! go! go!

Chitseko chinatseguka mwaukali, a Oddvar atakonzeka kukalipa. Anayang'ana pansi n'kuona chipumi chija.

"Ndafika ndekha!" anatero Tuva. "Ndinu ndani?"

"Ndine... Oddvar."

"Eee, a zijombo zogogoda aja! Inu mumakhala muno anthu onse akapita, eti? Wina anaba njira yanga, ine n'kugwa. Mukadzamuona mumuuze asadzabenso."

A Oddvar anakweza maso kufuna thandizo. Ragnhild anali ataima pakati pa khonde atapinda manja, ndipo chisoni analibe ngakhale pang'ono.

"Mumuuza?" anafunsanso Tuva.

"Ndimuuza, mwanawe," anatero a Oddvar. Kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za zijombo zawo.