Galimoto ya Haybe Itatalika Miyendo

Mng'ono wanga Haybe ndi munthu woti akaganiza chinthu m'mawa, pofika masana wachichita kale, ndipo ife timangomva zitatha. Atamva kuti mvula yakumba msewu wopita kwa a Magan, bambo a Ugbaad, mtsikana amene ankamufuna, sanafunse munthu. Anangotenga galimoto yake n'kupita nayo kwa Koshin, makaniko wa kuseri kwa msika wa ngamila kuno ku Burco, kuti akaikweze bodi.

Ndinakawapeza bodi ili m'malere pa majeke, Koshin akulowetsa zidutswa zolimba pakati pa bodiyo ndi chasisi, zitsulo zimene bodi imakhalapo. Pambali panali matayala atsopano, akuluakulu ochititsa mantha.

"Achimwene, taonani zinthu!" anatero Haybe. "Matayala awa kale sakanalowa, akanamakhula bodi. Pano madzi a mumtsinje tizingowaonera pamwamba."

"Ndamuuza ine," anatero Koshin ali kunsi kwa galimoto. "Chakwera ndi bodi. Difu, chimphika chachitsulo cha pakati pa matayala chija, yangonyamuka pang'ono chifukwa cha matayalawo, ndipo pokhota muzigwiritsa, izipendama."

"Nanga bambo akwera bwanji?" ndinafunsa.

Haybe anayang'ana khomo la galimoto, n'kuyang'ana pansi, kenako n'kuyamba kukamba za mafuta. Zinandikwiyitsa kwabasi.

Bambo athu a Dirir anapondedwa ndi ngamila m'chiuno kalekale, ndipo mwendo wawo wakumanja sukwera chinthu chopitirira chiundo cha pakhomo. Ndi munthu wonyada. Ndodo imene amayendera amati ndi yolozera zinthu. Komatu popanda iwo ulendo panalibe, poti mnyamata sadzipemphera yekha mkazi. A Magan anali atatumiza mawu kuti akuluakulu awo asonkhana pansi pa mtengo Lachinayi masana. Tinkadziwanso kuti banja lina la ku Oodweyne likumufuna Ugbaad yemweyo, ndipo tikalephera tsiku limenelo mwayi ukhala wawo.

Lachinayi m'mawa bambo anaizungulira galimotoyo akuigogoda ndi ndodo.

"Iwe Haybe, wagula galimoto kapena ngamila? Bola ngamila, imagwada munthu n'kukwera."

Tinatseka geti kuti oyandikana nawo asaone, tinakhuthula bokosi lathabwa la masipanala n'kuliika pakhomo la galimoto. Anakwera akung'ung'udza. Bokosilo tinaliponya kumbuyo kuti adzatsikirepo.

Ulendo wake sindifuna kuubwereza. Pamtsinje woyamba madzi anali ofiira, akuthamanga, ndipo magalimoto ena anali ataima kudikira kuti aphwe. Haybe analowa osachepetsa n'komwe. Tinatulukira tsidya lina mkati muli gwa, ngakhale dontho.

"Mwaona? Mwaonatu? Amene ankaseka aja ali kuti?" anakuwa Haybe.

Apo anali atakhozadi. Koma titafika pamene msewu umadutsa m'mbali mwa chitunda, galimoto inapendama mpaka ndinaona nthaka ikubwera pawindo langa. Fulasiki ya tiyi inagubuduka, bambo anakangamira chogwirira ndi manja onse awiri akutchula Mulungu. Kuyambira pamenepo sindinakhazikikenso. Maso anga ankangopita kudzuwa, kumsewu, kudzuwanso.

Kenako tinalowa m'mikwasa imene malole a madzi anakumba, yakuya mbali zonse, pakati pali mtumbira. Tinangomva khu! kunsi, galimoto n'kuima, matayala akungozungulira. Difu ya Koshin ija inali itakhala pamtumbira.

"Ponda giya ina!" "Ndaponda!" "Ukuikwirira, wamisala iwe!"

Tinakumba ndi fosholo, tinakumba ndi manja. Jeke inkangomira m'matope. Haybe anathamangira kumbuyo, n'kubwera ndi bokosi lija, n'kuliika kunsi kwa jeke. Galimoto inanyamuka, tinaponya miyala kunsi kwa matayala, ndipo potuluka bokosilo linasanduka nkhuni. Tinakuwa ndi chimwemwe ngati ana. Haybe anasamba ndi madzi a m'chigubu, n'kuvala malaya ake oyera amene anawasunga m'pepala la pulasitiki. Palibe anaganiza kawiri za bokosi mpaka titauona mtengo wa a Magan.

Amuna onse a mudziwo anali ataimirira pamzere kutilandira, a Magan pakati, ndevu zawo zofiiritsidwa. Akazi ankasuzumira kuseri kwa mpanda. Bambo anatsegula chitseko, anayang'ana pansi, n'kutsekanso.

"Tembenuza galimoto."

"Bambo, tafikatu," anatero Haybe.

"Ndati tembenuza."

"Ndikunyamulani ine," ndinatero. "Kamphindi chabe."

"Ine si thumba la mpunga. Unditsitse ngati mbuzi ya pamsika pamaso pa Magan, kenako ndikatsegule pakamwa kupempha mwana wake? Ndikadumpha ndigwa, nsalu ya m'chiunoyi n'kumasuka. Tiyeni kwathu. Atsikana sanathe padziko."

Injini inali ikulirabe. Anthu aja anayamba kuyang'anana. Ine ndinkasakasaka ndi maso mwala, chitsa, chigubu, chilichonse, koma pabwalopo panali matope okhaokha osakanikirana ndi ndowe za mbuzi. Kukapempha chopondera kwa eni mudzi bambo sakanalola. Ndinkafuna kumumenya khofi Haybe, ndipo nthawi yomweyo ndinkamumvera chisoni, poti mtsikanayo ankamukondadi.

Haybe anazimitsa injini. Anatsika, n'kuzungulira kutsogolo, n'kutsegula chitseko cha bambo. Kenako mnyamata wonyada uja, woyenda ndi kalilole m'thumba, anagwada m'matopemo, n'kuika manja pansi, msana n'kuuwongola.



"Dzuka, chitsiru iwe," ananong'ona bambo. "Akukuona."

"Ngamila yagwada, bambo. Tsikani."

 Bambo anatsogoza ndodo, n'kuponda pamsana pa mwana wawo, n'kutsika mowongoka ngati akutsika pakhonde la mzikiti. Anakonza nsalu ya paphewa, n'kupita kukagwirana chanza ndi a Magan.

Nkhani inatenga masana onse. Tiyi anabwera, mkaka wa ngamila unabwera, akuluakulu anatchula mibadwo ya makolo mbali zonse ziwiri. Haybe anakhala kumbuyo, mutu pansi, chidindo cha nsapato ya bambo chili pamalaya oyera aja, ana akulozerana. A Magan nkhope yawo sinkawerengeka. Pomaliza anangoti amva, akambirana ndi abale awo. Ndinataya mtima, poti mawu amenewo kawirikawiri ndi kukana kwaulemu.

Tinanyamuka kupita kugalimoto, eni mudzi akutiperekeza. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti wotsika ayeneranso kukwera. Haybe sanadikire kuuzidwa. Anatsegula chitseko, n'kuyamba kupinda maondo.

"Iwe, ima!" anakuwa a Magan. Anatembenukira kumpanda kuja. "Ugbaad! Uza amayi ako atulutse mtondo, auvundikire apa. Mkamwini wa pakhomo pano sagwada m'matope kawiri."