Bedi la Pansi la a Piyadasa

Grey anawapeza a Piyadasa atakhala pamasitepe a nyumba yawo ku Satwa, mumzinda wa Dubai, chikwama chili pamiyendo, akupuma ngati munthu amene wangokwera phiri. Anali telala wachikulire wa ku Sri Lanka, ndipo onse ogona nawo m'chipinda chimodzi ankawatchula kuti Ankolo. Korona itawagwira, ambulansi inadzawatenga. Tsopano anali atachira, koma thupi linali litatsala mafupa okhaokha.

"Ankolo, mwabwera! Nanga bwanji mwakhala panja dzuwa lonseli?"

"Bedi langa lapeza mwini wake watsopano," anayankha m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Akuti ndikwere lapamwamba. Ndayesa, koma miyendo yakana, chifuwanso chakana."

Grey sanafunse kuti wolandayo ndani. Anali Chancellor, mnyamata wakwawo kwa Grey ku Ntcheu, amene ntchito yake ya ku hotela inatha mliri utangoyamba. Ndi Grey yemweyo amene anamupezera kabedi kapamwamba m'chipindamo. Koma m'nyumba zogona mothithikana ngati zimenezi bedi la pansi ndi ufumu, ndipo mnyamatayo atangoona kuti nkhalamba yachoka, anatsika n'kudzilonga yekha. Kwina a Piyadasa akanapita kuti? Masiku amenewo panalibe mwini nyumba amene akanalandira munthu wotsokomola.

"Kwathu kalekale kunali mfumu yopembedza Buddha ngati ine," nkhalambayo inatero, ikupumira m'njira. "Adani atailanda mpando, inathawira kutsidya la nyanja, ku India. Inatumikira mfumu ya kumeneko zaka zambirimbiri, kumenya nkhondo zake, kudya nayo mbale imodzi. Pamapeto pake inapatsidwa zombo ndi asilikali, n'kubwerera kukatenga mpando wake." Anayang'ana yunifomu ya ulonda imene Grey anavala. "Habibi, bwenzi langa, ine India wanga ndiwe."

Grey anaseka, koma mtima unamuwawa. Chibale ndi fupa, sichiola. Amayi ake ndi amayi a Chancellor ankakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo nkhani yoti Grey wagwetsa mwana wakwawo pabedi chifukwa cha munthu wa mtundu wina ikanafika ku Ntcheu dzuwa lisanalowe. Komatu nkhalamba iyi ndi imene inamusokera yunifomu yake yoyamba atangofika ku Dubai, buluku likumukhwepa ngati thumba la makala. Kumenya mnyamatayo sakanatha, kuisiya nkhalamba pamasitepe sakanathanso.

Anagogoda chipinda choyandikana nacho, mmene munkagona alonda anzake awiri achikulire, a Amos ndi a Godfrey. Anawanong'oneza pang'ono. Anatuluka atavala mamasiki ndi majombo, mapewa ali tambalale, ndipo a Piyadasa atawaona maso awo anawala. Asilikali aja anali atafika.

Chancellor anali chigonere, akuseweretsa foni. Atamva majombo anakunga nkhonya pansi pa bulangeti.

"Achimwene, musandiyambe," anatero. "Munthu anachoka, malo ndi a amene wawapeza. Khalas, nkhani yatha!"

Palibe anamuyang'ana n'komwe. Amuna atatuwo anavula majombo pakhomo. M'chipindamo munalibe mpando, choncho a Piyadasa anaima atagwirira chitsulo cha bedi. Alondawo anakhala pansi pasimenti kutsogolo kwawo, motalikirana monga mwa malamulo a mliri, n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete, mmene timachitira kwathu tikapita kukazonda wodwala.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anayamba a Amos m'Chichewa. "M'thupimo mukupezamo bwanji? Pepanitu, zimachitika."

Nkhalambayo sinamve liwu ngakhale limodzi. Inangothokoza m'Chiarabu kuti, "Shukran." A Godfrey anapereka moni wawo, wautali ngati ulaliki, kufunsa za chifuwa, za miyendo, za ana ku Sri Lanka. Grey anatsatira. Atatha onse, a Amos anayambiranso poyamba. Maondo a a Piyadasa anayamba kunjenjemera, aliyense akuona.

Foni ya Chancellor inazima. M'chipinda chonsecho, akuluakulu ali pasimenti, wodwala ali chiimire, mwana yekha ndiye anali gone pamatiresi.

"Grey," a Godfrey anafunsa mofatsa, "kodi kwanu ku Ntcheu wodwala mumamuzonda ali chiimire?"

"Ayi ndithu, akulu. Kwathu sitinaleredwe choncho."

Mawuwo anamulasa mnyamatayo kuposa khofi. Anadzuka nkhope ili pansi, n'kuponya pilo ndi bulangeti lake pamwamba. Kenako anakutumula matiresi, anayala bwinobwino, n'kuwagwira a Piyadasa pamkono kuti akhale.

Grey anapuma mpweya wautali, mapewa ake n'kumasuka. Anasangalala kwambiri moti anachita kuyang'ana kudenga kuti misozi isaoneke.

"Nkhondo yatha?" nkhalambayo inafunsa modabwa, ikugona pang'onopang'ono. "Asilikali a mtundu wanji inu, omenya nkhondo mutakhala pansi?"

"A ku Malawi, Ankolo," anatero a Amos, akuvala majombo. "Yalla, tiyeni, pumulani."

Chancellor anakwera pamwamba. Panapita kanthawi, mpweya wa nkhalamba ukumveka kulowa ndi kutuluka mwabata. Kenako mutu wa mnyamatayo unasuzumira pansi.

"Ankolo," anatero motsitsa mawu, "chifuwa chikakuvutani, mungogogoda chitsulochi. Nditsika."