Mphaka wa Apongozi Kudenga

Chipinda chotsekeramo mphaka anasankha ndi Lorna. Mwamuna wake Wendell ankafuna kuti mphakayo akamusiye kwa mlongo wake Ritva mpaka amisiri atamaliza, koma Lorna anakana.

"Kwa Ritva kuli agalu. Ndalera ana ine, andikanike mphaka mmodzi?"

Mphakayo, Otis, sanali wawo. Anali wa apongozi a Lorna, bambo Arvo, amene anali kunyumba yosamalira okalamba chithyokereni chiuno ataterereka pa ayezi. Tsiku lililonse ankaimba foni yoonana nkhope, ndipo za mwana wawo kapena adzukulu sankafunsa. Ankangoti, "Ndionetseni mnyamata wanga."

Amisiri anabwera kudzapopera thonje lagalasi lapinki kudenga, kuti chisanu cha mumzinda wa Duluth chisamalowere pamwamba. Lorna anatsekera Otis m'kachipinda ka zovala, kutali ndi phokoso, n'kupita kuntchito. Kachitseko kokwerera kudenga kanali pa siling'i ya kachipinda komweko. Lorna ankakadziwa bwino, chifukwa chaka chilichonse ankatsitsira pomwepo zokongoletsera za Khirisimasi. Tsikulo sanakakumbukire.

Atabwerera anapeza galimoto ya amisiri itapita. Kachipinda kanali kotseka, mbale ya chakudya yosakhudza, fumbi lapinki pa majekete onse. Mphaka munalibe.

Anaimbira mkulu wa amisiri, bambo Gunderson.

"Munali mphaka m'menemo? Mayi, bwanji simunanene? Makwerero tinawasiya pomwepo, kachitseko kali kotsegula, popita kukadya."

Wendell anakatenga makwerero osalankhula kanthu.

"Nena, Wendell. Chikutsamwa."

"Ndikwera ndine."

"Ndi mimba imeneyo udzaboola siling'i n'kutsikira kukhitchini. Gwira makwerero."

Lorna anamanga nsalu pamphuno n'kukwera ndi tochi. Thonje linamufika m'mawondo, moti ankachita kufufuza mitanda ndi phazi asanaponde. Anaitana, koma kunali zii. Anatsegula chitini cha nsomba n'kudikira, mikono ikuyamba kuyabwa. Kenako anamva kutsokomola kwakung'ono kumapeto, kumene denga limakumana ndi khoma.

Anakwawa chamimba. Otis anali atakumba dzenje n'kudzipinda momwemo, maso otupa, akudzinyambita mwendo wodzaza tigalasi. Atamugwira, mphakayo sanamukande n'komwe. Lorna akanakonda kuti amukande.

Dokotala wa ziweto anamutsuka maso, n'kumusambitsa ndi madzi osatentha, n'kumuveka kolala yapulasitiki kuti asadzinyambitenso. Anati apulumuka, koma chifuwa chitenga nthawi, ndipo mwina sichidzatheratu. Sanafunse kuti anamutsekera ndani. Lorna ananena yekha, dokotalayo n'kungopitiriza kulemba mankhwala.

Atangofika kunyumba, foni inalira. Anali bambo Arvo.

"Tiwauze kuti wagona," anatero Wendell. "Mawa aoneka bwino."

Lorna anamulanda foni n'kuyiloza kwa mphakayo.

Mkuluyo anayandikitsa nkhope mpaka mphuno yokha kudzaza galasi. "Mwamuveka chiyani mnyamata wanga? Nanga chikulira ngati ketulocho n'chiyani?"

"Ndi chifuwa chake, bambo. Ndinamutsekera m'kachipinda kokwerera kudenga, amisiri sindinawauze. Watha tsiku lonse m'thonje. Wendell anati tikamusiye kwa Ritva, ine ndinakana."

Bambo Arvo anachotsa mphuno pagalasi. Kumbuyo kwawo kunkamveka wailesi yakanema ndi munthu akukankha ngolo ya mbale. Lorna anadikira kuti amukalipire. Ankafuna zimenezo, kuti nkhani ithe.

"Wendell, ulipo?"

"Ndilipo, bambo."

"Mawa ukamusiye kwa Ritva."

"Kuli agalu kumeneko, bambo."

"Agalu saiwala pamene pali mphaka."

Foni inaduka. Wendell anayamba kunena zoti mdalayo mtima ukhala pansi, koma Lorna anali atanyamuka kale. Anakatsitsa kabokosi konyamulira mphaka, n'kuyalamo juzi yakale ya bambo Arvo, atayamba wayikutumula panja kuti isatsale ndi fumbi lapinki.