Nthiti za Boti

Ndinalowa m'botimo wopanda nsapato n'kuyamba kupondaponda uku ndi uku. Linali likadali pamatabwa m'shedi mwa amalume. Ndikaponda pansi pankatsika, ndikachotsa phazi pankabwerera, ngati mimba ya ng'ombe ikamapuma.

"Mwaona?" ndinauza amuna anga. "Ili ndi beseni, si boti ayi."

Iwo anangokanda m'mutu. Anali atapeza mwayi kutali, kumadzi aakulu, wokaolotsa anthu ndi katundu, ndipo ankati akakhalako mpaka mvula itatha. Botilo tinaliumba tokha pachikombole cha amalume, amene ndinagwira nawo ntchitoyi kuyambira ndili mtsikana. Chigoba cha boti chikamachoka pachikombole chimakhala chosalala, chokongola, koma chofewa, moti mafunde akamachimenya chimapindikapindika mpaka kuchita ming'alu. Mankhwala ake ndi nthiti. Timang'amba paipi yapulasitiki m'litali mwake, n'kuigoneka chopingasa mkatimo, kenako n'kuikuta ndi nsalu ya faiba yonyowetsedwa ndi utomoni. Zikauma, ngakhale mutavinapo sipagwedera.

Sabata imeneyo ndinaika nthiti zonse zofunika, ndi misana iwiri yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Amalume anagogoda ndi chibakera, anatchera khutu, n'kunena kuti, "Latha ili. Lipakeni penti."

Sindinapake. Mtima unkakana kukhala m'malo. Kunyumba ndikati ndikhale pansi, ndadzuka kale. Ndikatenga tsache, ndalisiya pakhomo. Mwana wathu Tsabola akandifunsa kanthu ndinkamuyankha zina. Ndikangotseka maso ndinkaona kamng'alu kochepa ngati tsitsi pansi pa mapazi a bambo ake, madzi akulowa mwakachetechete. Kukacha ndinkathamangira kushedi, kupala ndi sandipepala, kusakaniza utomoni, n'kuwonjezera nthiti ina. Mawa lake inanso, pafupi ndi pokhala injini. Mikono inkayabwa ndi faiba, fungo linkandibaya m'mphuno, koma manja akangoima mutu unkayamba zake.

Lole yodzanyamula botilo inabwera, ndinaibweza. Inabweranso, ndinaibwezanso.

Tsiku lina amuna anga anandipeza nditagwada mkatimo, burashi ili m'manja.

"Mayi a Tsabola, taikani kaye pansi burashiyo."

"Utomoni uuma."

"Uume. Ndikufuna ndidziwe, mukumanga boti kapena mukumanga ine?"

Amalume, amene ankadula nsalu pakona, anatsokomola n'kutuluka, ati akukafuna sizasi, sizasiyo ili m'manja mwawo.

"Pali pena pofewa," ndinatero.

"Ndionetseni."

Ndinayendetsa chikhatho pansi ponse. Panali gwa ngati simenti. Ndinafufuzabe, mpaka kumakona kumene phazi la munthu silifikako. Iwo anakwera n'kukhala pathabwa lapakati, akundiyang'ana.

"Boti likalemera limakhala pansi m'madzi," anatero mofatsa. "Kafunde kakang'ono kamalowa. Zimenezi munandiphunzitsa ndinu. Mukawonjezera nthiti ina, mundimiza ndi chikondi."

Ndinafuna kuseka, koma chinatuluka ndi china. Ndinapukuta maso ndi phewa, poti manja anali omata.

"Nanga likakang'ambika, ine ndili kuno?"

"Ndiye tiyeni tonse."

"Tsabola ali pasukulu. Amalume maso ayamba kufooka, ndiwasiyire ndani?"

"Ndiye ndiloleni ndipite." Anatokosa kachidutswa ka faiba ndi chikhadabo. "Mukuyesa ine ndimagona? Mukamatembenuka ndimakumvani. Mkononowo ndimangonamizira, kuti mwina wina mwa ife apumeko."

Penti tinapaka tonse masana omwewo, iwo mbali iyi, ine mbali inayo, osalankhulana zambiri. Tinakumana kutsogolo, maburashi n'kugundana.

Tsiku la ulendo anyamata a lole ananyamula botilo akubuula.

"Mayi, mwaikamo njanji kodi?" anafunsa mmodzi.

"Nyamulani bwino," anatero amalume. "Limenelo lidzasiyidwira zidzukulu."

Kuima n'kumaonerera akulimanga zingwe ndinalephera. Ndinabwerera m'shedi, n'kuyamba kumata chigamba pa boti lina limene msodzi wina anabweretsa. Ndinamata, n'kusalaza, n'kumatanso pamene panali pomata kale. Nditamva injini ya lole ikulira ndinataya burashi n'kuthamanga, osasamba m'manja.

Ndinapeza amuna anga phazi limodzi lili patayala, akuvutika kukwera chifukwa cha chikwama. Mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Ndinangowagwira kumsana n'kuwakankhira m'mwamba.

"Mukafika muimbe," ndinatero.

"Ndiimba."

Lole inanyamuka. Iwo anaima m'botimo atagwira chingwe, nkhope kutsogolo, poopa kucheuka. Pamsana pa malaya awo oyera panali chikhatho changa chonse, zala zisanu za utomoni, timaulusi ta faiba tikunyezimira padzuwa, ndipo iwo sankadziwa.