Kabokosi ka Pambali pa Dzina

Lulong anali atatsegula kale laputopu ya malemu bambo ake pamene mchimwene wake Nyalau analowa, maso ali psuu. Mbale za anthu apamaliro zinali zikadali patebulo.

M'laputopumo munali mtanthauziramawu umene bambo anaumanga okha kuno mumzinda wa Kuching, zaka ndi zaka. Mawu aliwonse a chilankhulo cha kwawo, kumtunda kwa mtsinje, anali ndi zipinda zake: tanthauzo m'Chimalaya, m'Chingerezi, m'Chitchaina, kenako liwu lojambulidwa ndi dzina la mwini liwulo. Pambali pa dzina panali kabokosi. Munthu akamwalira, bambo ankachonga kabokosiko ndipo liwu lake linkazima paliponse, ndi pa foni pomwe, poti kwawoko liwu la wakufa silimveka m'nyumba. Ankachonga akulira, koma sanaphonyepo.

Tsoka lake, liwu la pafupifupi mawu onse linali la iwo eni.

Nyalau anati kabokosi ka bambo kasiyidwe choncho, m'tauni muno angadziwe ndani? Chiikireni maliro, amayi ankangokhala ndi foni kukhutu, kudina mawu awa, kudina awo, kumvera mwamuna wawo akutchula mvula, bwato, mpunga. Akapanda kutero sankadya n'komwe. Lulong anayankha kuti lamulolo sanaike ndi iye, ndipo mtima unkamupweteka kuposa mmene achimwenewo ankaganizira.

"Ndiye uwaphe kawiri?" anatero Nyalau.

Kani amayi anali pakhomo, akumva zonse. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Chonga, mwanawe. Ndikanatsogola ine, bambo ako akanachonga."

Lulong anachonga. Amayi anayang'ana foni kwa nthawi yaitali, kenako anadina pa mvula, mwachizolowezi chabe.

Foni inalankhula. Kuseri kwa liwu la bambo kunali chipinda china chimene ana sanachionepo, chodikira tsiku limeneli. Mafuta ankamveka kuthetheka m'chiwaya, kenako liwu la amayi eni.

"Mvula. Iii, bambo a Nyalau, mundifunsa kangati? Tachokani ndi foni yanuyo, nsomba ikupserera."

Amayi anagwira pakamwa. Zaka zonse zija ankawathamangitsa bambowo kukhitchini ngati nkhuku, osadziwa kuti munthu akukonza ulendo.

Kumapeto kunamveka bambo akukoka mpweya kuti aseke, basi. Kuseka kwenikweniko anali atakudula okha, kuti liwu lawo lisamveke.

Amayi anadinanso.